A Lucinda Aletsedwa Kukhudza Mjigo

Kwa zaka khumi ndi zinayi, mjigo ukafa ku Nsadzo anthu ankaitana a Lucinda, mai wamfupi wa mpingo wa Ziyoni, woyenda pa njinga ndi thumba la zitsulo. Boma ndilo linawaphunzitsa ntchitoyi. Wina akamapopa, iwo ankangotchera khutu n'kunena kuti, "Labala latha," ndipo linkakhaladi labala la m'kati mwa mjigo.

Chaka china kunabwera galimoto yoyera yochokera ku Tete. Munatsika a Valdemar, bwana wa empereza, kampani imene inapatsidwa mijigo yonse ya m'deralo. Anavala chisoti cholimba ngati kuti kumjigo kumagwa miyala.

"Mai, kuyambira lero musakhudzenso mjigo. Ntchitoyi ndi ya akatswiri," anatero kwa a Lucinda.

"Nanga ukafa?"

"Muziimba nambala iyi."

Anapaka mjigo utoto, anakhoma chikwangwani, n'kupita. Kuti nambalayo igwire, munthu ankakwera pachulu, ndipo mtsikana woyankha ankangoti, "Tamva, akubwera."

Mjigo wa pafupi ndi sukulu unafa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Azimai anabwerera kuzithaphwi kumene kumamwa ng'ombe, ana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Patatha milungu isanu akatswiri aja anafika atatu. Anamasula mutu wa mjigo, n'kugwetsera ndodo zachitsulo pansi pa dzenje. Anasuzumiramo mosinthana, kenaka anati akukatenga chida ku Tete. A Lucinda ankaonerera ali pansi pa mtengo, akuswa mtedza.

M'mawa mwake mlamu wao, a Vitória, anafika ndi ndowa yopanda madzi.

"Alamu, kodi tizimwa chikwangwani?"

A Lucinda anapinda waya kukhala mbedza, anavuula ndodo zija, anasintha labala. Dzuwa lisanafike paliwombo madzi anali akutuluka.

A Valdemar atabwera anadzijambulitsa ataimirira pamjigopo, akumwetulira, chala chachikulu chili m'mwamba. Atamaliza anafunsa mwaukali kuti ndani wakhudza katundu wa empereza. Azimai onse anayang'ana pansi. Chithunzi chija chinapita kwa akuluakulu, ndipo empereza inawonjezeredwa zaka zitatu chifukwa chogwira bwino ntchito.

Lero a Lucinda amagulitsa tomato pamsika. Mjigo ukafa anthu amawanong'oneza, iwo n'kusiya tomato ndi mnzao kukaukonza. Mawondo ayamba kuwavuta, ndipo sanaphunzitse aliyense.

"Ndiphunzitse mwana wa mwini ntchito yochita mobisa ngati kuba?" amatero.