Mlonda wa ku Al Qusais ndi Zipsepse za Mpasa

Mliri wa korona utatseketsa hotela yomwe Overton ankalondera ku Dubai, anangoti khale m'chipinda cha kampani ku Al Qusais, dera lina la mumzindawo. Ntchito kunalibe, ndege zopita kumudzi kunalibenso. Kumudziko akanapita ndi nkhope yanji?

Overton anathawa koleji ali m'chaka chomaliza. Ankafufuza ngati mpasa za m'mitsinje iwiri ya kwawo zili za fuko limodzi. Yankho limapezeka mu DNA ya mu mitokondiriya, tizigawo ta m'maselo timene nsomba imatengera kwa mayi wake yekha. Iye anadula tizidutswa ta zipsepse n'kutisunga mu fomalini, mankhwala omwe anazolowera kusungiramo nsomba zathunthu. Fomalini amawononga DNA. Ntchito yonse inalowa m'madzi, manyazi n'kumuthamangitsira kunja kwa dziko.

Tsiku lina mphunzitsi wake, Dokotala Tiwale, anamuimbira foni.

"Overton, ukapanda kumaliza chaka chino, dzina lako alifufuta. Tinadula zipsepse zina ndipo zotsatira za ku labu zilipo. Uzisanthula, kapena ukadalirabe?"

"Ndizisanthula, madamu."

Kompyuta analibe. Anabwereka ya Clifford, mlonda mnzake, yoonerapo mafilimu, yomwe inkatentha ngati simbi. Anzake akumenya makadi, iye ankafananiza mizere italiitali ya zilembo za DNA mpaka maso kulobodoka. Dokotala Tiwale sankanyengerera munthu. Ankangobweza ntchito n'kunena kuti, "Yambiranso." Overton ankapsa mtima, komabe ankayambiranso.

Hotela itatsegulidwa, anabwerera pakhomo kukayeza alendo kutentha kwa thupi. Tsoka ilo, nthawi yoti aphunzitsi amufunse mafunso a mayeso omaliza pa vidiyo inagwera mkati mwa shifiti yake. Kapitawo anati sachoka pokhapokha apeze womulowa m'malo.

Clifford, yemwe anali atangoweruka kumene, anavalanso yunifolomu kuti amulowere m'malo. "Yalla, fulumira, pita aise. Koma ukalephera, khalas, kwatha, usandidziwenso."

Overton anakhala pa masitepe a kuseri, kompyuta ili pamaondo, n'kuyankha funso lililonse. Atamaliza anatsikira pakhomo, n'kupeza Clifford ali chilili, mapazi atatupa.

"Ndakhoza, achimwene."

"Ndiye gwira ntchito yako, ine ndikagone," anatero Clifford, akuyang'ana kumbali kuti misozi isaoneke.

Inu amene munalakwitsa kamodzi n'kukabisala kutali, manyazi sanamalizirepo munthu ntchito. Bwererani pomwe munasiyira. Mtima wokhawo musautaye.