Hilario ndi Mawailesi Awiri a Kanema

Hilario Nyakuipa anali wokonza mawailesi pa Chiromo, m'kashopu kamalata pafupi ndi mlatho wa njanji. Anabadwira kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki, ndipo nkhani imeneyo sankafuna kuti izitchulidwa. Khadi lachipani silinkachoka m'thumba mwake, ngakhale popita kosamba.

Tsiku lina masana mu 1989, Landirova inaima pakhomo pake, ndipo munatsika amuna awiri.

"Ndinu Hilario? Kwerani."

Sanafunse n'komwe kumene akupita. Mkazi wake Otilia anathamangira m'nyumba kukamutengera bulangeti, poti otengedwa chotere ankachedwa kubwerera. Njira yonse ya ku Nsanje, Hilario ankawerenga makasitomala ake mumtima, kufunafuna amene anamumva akutchera wailesi yakunja.

Anamulowetsa m'nyumba ya bwana wina wamkulu wa pabomapo. Patebulo panali mawailesi akanema awiri ofanana msinkhu, olumikizidwa ku makina a vidiyo. Chinthu chotere Hilario anali atachionapo kamodzi kokha, ku Limbe.

"Imodzi ndikapereka mphatso kwa akuluakulu ochokera ku Lilongwe," anatero bwanayo. "Akuti iwe umadziwa mawaya. Yabwino ndi iti? Ine ndakonda yakumanjayi."

Anaika tepi ya mpira. Yakumanjayo inalidi ndi mitundu yowala, udzu wa m'bwalo wobiriwira ngati mpunga wa kudimba. Koma osewera akathamanga, chithunzi chinkaphethiraphethira, mpira n'kumaoneka ngati iwiri. Yakumanzere inali yotuwirako, koma chithunzi chake chinali chokhazikika.

Hilario anayang'ananso mawailesi awiriwo. Kutsutsa bwana kunali koopsa. Komanso akuluakuluwo akadzadandaula kuti mphatso ikuwapweteka maso, adzafunsa amene anaisankha.

"Bwana, mwaona bwino, pa mitundu palibe yoposa yakumanjayi," anatero Hilario. "Koma tauyang'anani mpirawo ukamathamanga."

Bwanayo anaweramira pagalasi n'kuuyang'anitsitsa mpirawo. Hilario ankamva thukuta likutsetsereka kumsana.

"Ikuphethiradi," anatero bwanayo potsiriza. Kenako anacheukira amuna aja. "Mutulutseni."

Mpaka pamene anamusiya pasiteshoni ya sitima, Hilario sankadziwa ngati akumubweza kwawo kapena akupita naye kwina. Landirova itachoka, anangokhala pansi pafumbi.

Kwa miyezi ingapo, akamva galimoto ikuchepetsa liwiro pafupi ndi shopu, ankatulukira khomo lakuseri n'kukabisala m'mapira. Palibe anabweranso. Mawailesi anapitiriza kukonza mpaka maso atachita khungu, koma akanema, ngakhale atadzachuluka pamsika, ankawabweza osawatsegula.