Mpando wa Anti Aygul

Fungo la chitowe chokazinga pamsika wa Kabwata lero landikumbutsa Anti Aygul, mayi wa mtundu wa Uyghur, anthu a ku China okhala ndi chinenero chawochawo, amene tinkayandikana nawo nyumba ndili mwana. Tikawatchula kuti Mchaina, ankakana uku akutigawira buledi wotentha wa chitowe.

Tsiku lina anaimbira foni mwana wawo amene anatsala ku China, pasukulu ya boma yogonera komweko. Anti analankhula m'chinenero chawo, anabwereza, kenako anayamba kulira.

"Ba Anti, ni netiweki iyo," ndinatero. "Kwelani pa mpando, muzamvana."

Anakweradi, akumwetulira misozi ili chuchuchu.

Amayi anga anandikokera panja. "Iwe, netiweki ili bwino. Mwana ayankha mu Chichaina chabe."

Ndazindikira nditakula kuti sukuluyo inali itamulanda mwanayo chinenero cha amayi ake, ine n'kumawakweza pampando.