Madzi a m'khwawa la ku Namwera

Achimwene Yusufu, lero ana amaonera pa TV pulogalamu ya anthu osochera m'tchire, ine n'kuyamba kuseka ndekha chifukwa ndinakumbukira inu. Tili a sikauti, tinatayana ndi anzathu m'mapiri a ku Namwera, madzi atatithera, dzuwa lili paliwombo. Ndinamangirira jumbo kunthambi ya masamba monga ndinaonera pa TV, koma ndinangopeza timadontho tosadzaza n'supuni yomwe. Nditayamba kulira munati, "Iwe Mariamu, misoziyo ndi madzinso, usaiwononge." Munanditsogolera kukhwawa louma n'kukumba mchenga patsinde pa mkuyu, monga anatiphunzitsira kusikauti. Madzi atatuluka munawasefa ndi sikafu yanu n'kundipatsa ine poyamba, chonsecho milomo yanu inali itang'ambika. Anzathu anatipeza tikuseka, matope ali mbuu kumaso.

Chitisiyireni, lero ndi koyamba kukukumbukirani mtima osawawa. Ndikungothokoza kuti ndinali mlongo wanu. Mwana wanu Asiyatu walowa sikauti chaka chino, ndipo nthabwala zake ndi inu ndendende. Allah akupatseni Jannah, achimwene.