Tsiku Limene Lughano Anakweza Maso

Lughano analirira m'basi ya ku Bolton, foni ili m'manja, anthu akunamizira kuyang'ana mvula pawindo. Yunivesite inali itamukana.

Mtsikanayu anachoka ku Karonga ali wamkulu ndithu, kutsatira mayi ake kutsidya kwa nyanja, a Constance, namwino pachipatala cha boma. Mtima wake unali pa maphunziro aja a zaka zisanu ndi chimodzi, amene munthu amalowa akangomaliza sekondale n'kutuluka ali dokotala, popanda kuyamba wazungulira ndi digiri ina. Za mipeni ndi maopaleshoni analibe nazo ntchito. Ankafuna kukhala GP, dokotala wa m'dera amene anthu amayamba kumuona chifuwa kapena shuga zikawavuta.

Mayeso olemba anakhoza bwino lomwe. Chinamugwetsa ndi intavyu. Anamulowetsa m'chipinda momwe munali bambo wachikulire wosewera ngati wodwala, ndipo Lughano anachita monga analeredwera: manja pamodzi, mawu pansi, maso pansapato. Oyesa anagamula kuti alibe chidwi ndi wodwala.

Zinamuwawa kwambiri, ndipo sanamvetse. Iye, amene azimayi a kutchalitchi ankalozera ana awo kuti atengereko khalidwe? Choopsa china, yunivesiteyo imalola munthu kuyesa kawiri kokha. Mwayi unatsala umodzi.

"Amayi, basi ndingopanga nursing ngati inu," anatero atafika kunyumba.

"Nursing si kothawira, mwana wanga," a Constance anayankha. "Ukaifuna, uifune. Koma usabwere ku ntchito yathuyi chifukwa cha mantha."

Podikira chaka china, Lughano analowa ntchito panyumba yosamalira okalamba. Kumeneko kunali a Ralph, dalaivala wakale wa mabasi, munthu wa makani amene ogwira ntchito ankakankhirana. Lughano ankawapatsa tiyi atagwada, nkhope pansi, n'kuwafunsa mwaulemu mmene adzukira. Iwo zii. Sabata inatha, ina n'kutha, mkuluyo osayankha.

Tsiku lina anamugogoda paphewa ndi supuni.

"Iwe mtsikana," anatero m'Chingerezi chawo cha ku Bolton, "tsitsi lako ndaliona mokwanira. Makutu angawa anatha kalekale. Ndimamva poona milomo. Ukamayankhula ndi kapeti, ine umandisiya ndekha."

Kwathu mwana wotong'olera maso wamkulu ndi wamwano, ndipo palibe anamuuzapo Lughano kuti kuno maso a pansi amamveka ngati chitseko chotseka. Anakumbukira bambo wa pa intavyu uja, amene ngakhale nkhope yake sakanatha kuizindikira pamsewu.

Kusintha sikunali kophweka. Khosi lozolowera kuwerama limabwerera lokha. A Ralph nawo sankanyengerera: akangoona mutu ukutsika, supuni paphewa. Kunyumba ankayeserera pa mayi ake, onse awiri n'kuphulika kuseka, chifukwa a Constance ndi amene ankayamba kuthawitsa maso. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuona zimene kale zinkamudutsa: gogo wonena kuti ali bwino chikhalirecho akuluma mano, wina wobisa mapiritsi m'tsaya.

Intavyu yachiwiri inafika. Ulendo uno anapeza mayi wokalamba pampando waufupi, akusewera ngati woopa zotsatira za magazi. Lughano asanaganize, mawondo anali atagwada kale okha. Anaganiza kuti wabwereza cholakwa. Koma anakweza maso, ndipo kugwada kuja kunamufikitsa nkhope ndi nkhope ndi mayiyo, osamuimirira pamutu.

"Ndiuzeni chimene chikukuopsani," anatero, akuwayang'ana. Mayiwo anayankhula, iye n'kumvetsera mpaka belu lothetsa intavyu linalira.

Yankho litabwera, anathamangira kwa a Ralph, akuwerenga pafoni, mutu pansi.

"Sindinamve," anatero mkuluyo.

Lughano anaika foni m'thumba, nawayang'ana m'maso. "Anditenga."

A Ralph, munthu wa makani uja, anapukuta misozi ndi nsonga ya juzi.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinali ndi minga yake, koma anazimaliza. Lero Lughano ali pakachipatala ka m'dera ku Newcastle, akumalizitsa maphunziro a u-GP. Wodwala wachikulire akalowa, amagwadabe, ndipo anzake analeka kudabwa.

Inu amene mwakanidwa chaka chino, musafulumire kudzitcha mbuli, ndipo musataye zimene makolo anakuphunzitsani. Mwina chatsala n'chaching'ono, chongofuna wina akugogodeni paphewa. Funsani pamene munaphonya, konzani, bwererani. Mtima usagwe, abale anga. Kwezani maso.