Uwende wa a Fergal

Ndikukumbukira holo ija ya ku Balbriggan, kuno ku Ulaya, imene tinkapemphereramo ndili mwana. Loweruka munkaphunzira ana a karate, ndiye Lamlungu m'mawa tinkapeza fungo la mapazi likadali momwemo, pamodzi ndi mahita akale amene ankalira ngati m'mimba mwa munthu wanjala koma osatenthetsa. Tinali Amalawi ochepa ndi anzathu a ku Zambia, aliyense wochokera ku mpingo wake kumudzi, koma kuzizira kunatiphatikiza kukhala mpingo umodzi. Mapemphero akatha tinkalumikiza matebulo n'kudyera pamodzi mpunga, nkhuku, mandasi, ndi kabichi amene mayi aliyense ankakhulupirira kuti wodziwa kumuphika ndi iye yekha.

Ine ndi amayi tinafika m'dziko lino tili awiriwiri, poti bambo anga anamwalira ndisanaidziwe nkhope yawo. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Kumeneko n'kumene anakumana ndi a Fergal, mzungu wamtali wofiira makutu, amene ankabwera kudzaona mayi awo. Poyamba ankabwera ndi mtolo umodzi wa maluwa. Kenako mitolo inayamba kukhala iwiri. Ine ndinawakonda msanga kuposa amayi, ndipo sindibisa, ndinkafuna ndi mtima wanga wonse kuti akhale bambo anga. Ndiwo anandiphunzitsa kupalasa njinga cha kudoko, akuthamanga pambuyo panga ali wefuwefu.

Amayi anavomera ukwati, koma anaika mfundo imodzi: wopanda ankhoswe iwo salowa, kaya ndi ku Ulaya kaya n'kuti. Vuto linali loti kuchibale konse kwa a Fergal kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti nkhoswe imadya chiyani. Ndiye anakapempha a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, amene ankanyamula nawo zikwama kubwalo la ndege. A Mbewe analola ndi manja awiri. Anthuwa anali pa ubwenzi weniweni. Akaweruka m'mawa ankalowa m'kanyumba kena kodyera ku Swords n'kuitanitsa mazira, nyemba, soseji, ndi tizidutswa takuda tozungulira timene kuno amati black pudding, tophika ndi magazi a nkhumba. Tsiku lina a Fergal ananditenga, ndiye ndinaona ndi maso angawa. A Mbewe anamaliza tizidutswa tawo, n'kufunsa ngati tangato ndidya, dzanja lili kale m'mbale mwanga.

Zinthu zinasokonekera atabwera abusa ochokera ku Malawi kudzacheza milungu ingapo. Anali mdala wamfupi wovala majekete awiri, ndipo mbiri yawo inafika iwo asanatsike ndege, yakuti ankatha kuimitsa ulaliki pakati chifukwa cha siketi yaifupi. Lamlungu loyambalo, nthawi yakudya itakwana, a Mbewe ananyamula mpando wawo pamene ankakhala nthawi zonse, pafupi ndi a Fergal, n'kukaukhazika kumapeto enawo, pambali pa abusa. Moni anapereka wa mutu wokha, ngati wopatsa munthu amene unangomuonapo pa basi.

Pakati pa sabata anauza amayi kuti za unkhoswe ziyambe zaima. Mzunguyo ayambe wavala tayi, aphunzire kupemphera m'Chichewa, ndipo koposa zonse asiye kudya zamagazi. Amayi anatsegula mpopi wa kubafa kuti ndisamve kuti akulira, koma ndinamva. Kwa a Fergal anafotokoza za tayi ndi za pemphero. Za magazizo anachita nazo manyazi, poti kuuza munthu kuti chakudya cha kwawo n'chonyansa si chinthu chapafupi. A Fergal anagula tayi yobiriwira n'kuyamba kuloweza pemphero, Chichewa chawo chikuyenda ngati njinga yophwa matayala.

Nthawi yomweyo Anti Chisomo, mtsikana wa ku yunivesite amene ankabwera pa sitima kuchokera ku Rathmines kudzatiphunzitsa Sande sukulu, anatikonzera sewero lotsanzikira abusa. Anatifotokozera kuti Akhristu oyamba onse anali Ayuda. Anthu a mitundu ina atayamba kukhulupirira, panabuka mkangano waukulu: kodi ayambe asanduka Ayuda, adulidwe, asiye zakudya za kwawo, ndiye alandiridwe? Mnyamata wina anakweza dzanja kufunsa kuti kudulidwa n'kudulidwa pati, ndipo Anti Chisomo anati akafunse bambo ake. Anapitiriza kuti ku Antiokeya Petro ankadya bwinobwino ndi anthu a mitundu inawo, koma atafika alendo ochokera ku Yerusalemu anachita mantha n'kudzipatula, mpaka Paulo anamudzudzula anthu onse akuona. Nkhaniyo akuluakulu anaikhalira pansi ku Yerusalemu, aliyense analankhula, n'kugwirizana kuti obwerawo asasenzetsedwe katundu wolemera, koma apewe tizinthu tochepa kuti onse athe kudyera pa tebulo limodzi. Mpaka lero sindidziwa ngati Anti Chisomo anasankha dala nkhani imeneyi. Ndikawafunsa amangoti inali pa silabasi.

Anyamata onse ankafuna kukhala asilikali a Chiroma, ngakhale kuti m'nkhanimo munalibe msilikali. Ndiye udindo wa Paulo unagwera ine. Anandimata ndevu za thonje, ndinafunda chitenje cha amayi, ndipo Petro anali Yamikani, mwana wa a Mbewe.

Tsikulo aliyense anauzidwa kubweretsa chakudya chabwino cha kwawo polemekeza mlendo. A Fergal, osadziwa kanthu, analowa atamanga tayi yawo yobiriwira, atanyamula chimbale chovundikira, n'kuchiika pakati penipeni pa tebulo. Fungo lokha linandiuza zimene zinali mkatimo. Amayi atachiona chimbalecho nkhope inagwa, koma nthawi yokonza zinthu inali itatha, chifukwa sewero linkayenera kuchitika tisanadye.

Tinayamba bwino. Yamikani anadya buledi ndi ana a mitundu ina, alendo a ku Yerusalemu analowa atavala matawulo kumutu, iye n'kunyamula kampando kake kukakhala patali. Apa m'pamene ndinkayenera kumuyandikira n'kumudzudzula. Ndinanyamuka. Koma kuseri kwa mutu wake ndinaona a Fergal atakhala okhaokha, mipando ya mbali zonse ziwiri ili yopanda anthu, akumwetulira ngati munthu amene sakufuna kuti ena adziwe kuti waona. Kumapeto enawo kunali a Mbewe, akugwedeza mutu kuvomereza kuti Petro analakwadi. Mtima unandiwawa, miyendo n'kusankha yokha njira. Ndinamudutsa Yamikani ndi kampando kake, n'kukaima pamaso pa bambo ake, chala chili m'mwamba.

"Petro! Dzulo mumadya nawo, lero mwasuntha chair. Why? Mukuopa ma visitor?"

Mpaka pamenepo mawu onse anali a m'sewero, kungoti ndinawapereka pa adiresi ina. Otsatirawa ndiwo anali anga.

"Ku Swords munadya black pudding yanu yonse, ndi yanganso munadya!"

Hita yokha ndiyo inapitiriza kulira. Ndevu zanga zinamatuka mbali imodzi n'kumalendewera pakhutu. Amayi anakokera duku kumaso. Ndiye Yamikani, akadali Petro, anatembenuka n'kufuula kuti, "Dad, you said it was a sin!"

Abusa anavula magalasi, anandiyang'ana, n'kufunsa modekha kuti chinthu chimene mtumwiyu akunena n'chiyani. A Fergal anaganiza kuti nthawi yawo yonyadira yafika. Anaimirira, n'kuvundukula chimbale chija. Abusa anawerama, ananunkhiza kamodzi, kawiri, nkhope n'kusintha.

"Aa! Koma uwutu ndi uwende."

Akuluakulu onse anaphulika kuseka. Ife ana obadwira kapena kukulira kuno tinangoyang'anana, mpaka mayi wina anatinong'oneza kuti kumudzi akapha mbuzi amaphika magazi ake, ndipo umenewo ndiwo uwende. Abusa anati iwo anausiya kalekale atalowa ubusa, koma fungolo lawakumbutsa bambo awo. Anaonjeza kuti sankadziwa kuti azungu nawo amadziwa zinthu. Kenako anafunsa kuti a Mbewe anasunthiranji mpando, ndipo nkhani yonse ya unkhoswe inatulukira poyera. Zinapezeka kuti abusawo sanauzidwe n'komwe kuti kuli ukwati. Malamulo onse aja a Mbewe anawapanga okha, poopa zimene abusa akananena.

"Paulo wayamba mlandu," anatero abusa. "Tiumalize ngati a ku Yerusalemu. Aliyense alankhule."

Analankhuladi, mpaka mpunga unazizira. Ena anati magazi anali m'gulu la zinthu zimene akuluakulu a ku Yerusalemu analetsa, ndipo n'zoona. Ena anati analetsa pofuna kuti Myuda ndi mnzake wa mtundu wina asathawane pa tebulo, osati kuti apeze chifukwa chatsopano chothawirana. Mayi wina wa ku Zambia anafunsa ngati tiyambenso kufufuza amene amadya mbewa akapita kutchuthi, ndipo amuna angapo mwadzidzidzi anayamba kuyang'ana kudenga. A Fergal anamva mwa apo ndi apo, Anti Chisomo akuwamasulira, makutu akuonjezera kufiira. Atamvetsa, anangoti akanadziwa kuti mbaleyo ivutitsa ena sakanaibweretsa, ndipo sadzaibweretsanso.

Chigamulo chinali chachifupi. Uwende usamabwere pa tebulo la mpingo, chifukwa cha amene mtima wawo umawatsutsa. Ku Swords palibe amene azilondola mnzake. Tayi ndi ya wofuna, ndipo pemphero lipite m'chilankhulo chimene munthu amalirira. Zitatha izi abusa anayang'ana a Mbewe. A Mbewe anaimirira, ananyamula mpando wawo, n'kudutsa nawo holo yonse, mwendo wa mpandowo ukugunda matebulo, mpaka anaukhazika pamalo pake pakale.

"Achimwene, pepani. Nkhoswe yanu ndine."

"You're grand," anatero a Fergal, kutanthauza kuti palibe mlandu, n'kuwasunthira mbale ya nkhuku.

Chimbale cha uwende chinatengedwa kukaikidwa kukhitchini monga mwa chigamulo. Amayi atapita kukatsuka anachipeza chopanda kanthu, chonyambitidwa bwino. Anthu amene analowa kukhitchiniko kukasamba m'manja anali awiri, a Mbewe ndi abusa, ndipo anachedwako ndithu. Ine sindikunamizira munthu. Kunyumba amayi anandikoka khutu chifukwa choloza munthu wamkulu ndi chala, kenako anandipatsa mandasi onse otsala.

Masiku ano mpingowo unakula, tinasamukira m'holo ya mahita ogwira ntchito. Muli anthu a ku Nigeria, a ku Brazil, ndi ana athu amene Chichewa amachimva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Za uwende palibe amene amazikumbuka. Tsopano timakangana za ng'oma, za kutalika kwa ulaliki, ndi za tsabola. A Fergal, amene ndakhala ndikuwatchula kuti adadi kuyambira chaka chimenecho, imvi zili mbuu, ndiwo akhala mkulu wa mpingo, ndipo tayi savula.

Posachedwapa mng'ono wanga, amene anabadwa mu ukwati umenewo, anabwera ndi mnyamata wa ku Nigeria. Adadi anadandaula njira yonse m'galimoto kuti anthu amenewa amapemphera mofuula, ndiponso chakudya chawo chimafuna ozimitsa moto. Koma nthawi yakudya anakakhala pafupi ndi mnyamatayo, n'kulandira mbale yodzaza mpunga wofiira umene anaphika yekha. Posakhalitsa misozi inali chuchuchu, makutu ali psuu, tayi atamasula. Ndinawamvera chisoni. Ndinawerama n'kuwanong'oneza kuti tisinthane malo, akakhale kumene kuli kabichi. Anagwira mpando wawo ndi manja onse awiri, n'kundiyankha m'Chichewa chawo chophwa matayala chija.

"Iyayi, mwana wanga. Paulo akuona."