Mchenga Wokatengera Wodwala

Bambo anga anthu ankawatchula kuti a Fumbi, chifukwa fumbi lawo linkayamba kuoneka galimoto isanamveke. Moyo wawo wonse anayendetsa pikapu pamsewu wamiyala wochokera kwathu kukafika pa tala, kunyamula mbuzi, simenti, akwati, ngakhale maliro. Msewuwo uli ndi mizere yopingasa ngati malata, ndipo ukamayenda pang'onopang'ono mano amachita kugundana. Iwo ankati mankhwala ake ndi liwiro, matayala azingokhudza nsonga za mizereyo. Amayi ankadana nazo zimenezi. Ulendo uliwonse ankagwira chitseko ndi manja awiri n'kumati, "Inu abambo, kodi kumanda kuli mpikisano?"

Matenda atawalowa m'mafupa amayi, adokotala anatiuza kuti palibenso chochita, tiwatengere kunyumba. Thupi lonse linali chilonda. Kungowatembenuza pabedi ankalira, ndipo tulo anali atasiyana nato kalekale. Chimene chinkatisowetsa mtendere chinali chimodzi: msewu uja audutsa bwanji?

M'mawa wokawatenga ndinapeza bambo akukweza matumba a mchenga kumbuyo kwa pikapu. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera kwa amayi omwewo.

"Bambo, tikukatenga wodwala kapena tikukamanga nyumba?"

"Gwira thumbali, zolongolola pambuyo."

Tikukweza, anandiuza kuti masipuling'i a pikapu anawapangira katundu. Ikakhala yopanda kanthu amauma gwa, kumbuyo kumadumpha n'kumaterereka pamiyala. Ukaisenzetsa amafewa.

"Mayi akowo panopa akulemera ngati nkhuku," anatero akuyang'ana kumbali. "Galimotoyi siidziwa n'komwe kuti yanyamula munthu."

Ndinangonyamula thumba lina. Iwo anazungulira galimoto, kuikanikizira pansi pangodya iliyonse n'kuisiya. Ikanati izingodumphabe, ndiye kuti mashoko, zitsulo zoletsa galimoto kunjanja, atha. Inakhazikika nthawi yomweyo.

Pobwerera kuchokera kuchipatala, amayi tinawakhazika kutsogolo pakati pa ine ndi bambo, mapilo mbali zonse. Pomwe tala amathera bambo anaima, n'kuphwetsako mpweya tayala lililonse ndi kamtengo ka machesi. Tayala lopopedwa kwambiri limanjanja pamwala, lofewerapo limaumeza. Atatero, munthu amene chibadwire sanayendepo mwaulemu anayamba kukwawa ngati nkhono.

Sizinathandize. Mzere uliwonse tinkaukwera n'kuutsika, ndipo uliwonse amayi ankabuula. Bambo thukuta linali kamukamu, khosi lili m'tsogolo, kusankha poponda pamsewu wopanda posankha.

"Abambo," amayi anatero atalumanitsa mano, "mwaiwala kuyendetsa?"

"Ndikuopa kukupwetekani, mayi."

"Mukundipweteka kale. Pondani."

Bambo anandiyang'ana, ine n'kuwafungatira amayi. Anasintha giya n'kuponda. Poyamba galimoto yonse inanjenjemera ngati ikuphwasuka, ndipo amayi anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Kenako kugogoda kuja kunaleka, kunangotsala kulira kwa injini ndi timiyala tomenya pansi pa galimoto. Bambo ankagwira chiwongolero mopepuka, osachikhotetsa mwadzidzidzi, osaponda buleki pokhota, chifukwa pa liwiro limenelo matayala amagwira pansi pang'ono chabe. Mantha ndinali nawo, sindinama. Koma dzanja la amayi linayamba kumasuka, mutu wawo n'kumalemera paphewa panga.

Ndinaganiza zoipa. Ndinasendeza khutu pafupi ndi mphuno zawo. Ankapuma bwinobwino, mpaka kamkonono.

"Agona," ndinatero.

Bambo anangopukuta kumaso ndi phewa, maso ali pamsewu.

Nyumba yathu inaonekera patsogolo. Achibale anali ataima m'mbali mwa msewu kutidikira, azakhali atakweza kale dzanja. Bambo sanachotse phazi. Tinawadutsa onsewo ali kukamwa yasa.

"Bambo, tapitirira pakhomo."

"Ndaona."

"Nanga tikupita kuti?"

"Tsitsa mawu," ananong'ona. "Mafuta alipo. Asiye agone."